Kabokosi Kochokera ku Joni

Kanabwera m'katoni yaikulu kuposa iko komwe.
Fanuwelo anakatumiza pa basi.
Ndinakalandira ku depoti Lachiwiri masana,
n'kukwera kabaza mpaka ku Matawale,
katoni pamiyendo, ngati ndanyamula khanda la eni ake.

Nditamasula ndinaseka ndekha.
N'chimenechi?
Mtanda wa sopo wochapira umakaposa kutalika.
Kakuda bii, kopanda mlongoti, kopanda chopotokola,
pamsana pake kampata kochepa
pokhazikapo kachipangizo kosunga nyimbo,
kamene kamaima njo ngati mwana wa sukulu pamzere.
Mtengo wake anandiuza pafoni. Ndinati, bwereza.
Ndalama zimenezo ndikanafolera khitchini ndi malata atsopano,
n'kutsalako ya misomali.

Pakona gumbagumba wanga anangoti duu
pansi pa nsalu imene Esinati analuka.
Ndinamugula chaka chimene anandikweza ku Printa ya Boma,
ndipo anamulowetsa muno ndi amuna anayi, mmodzi n'kuthyola chala.
Akalira, makapu ankavina m'kabati,
a Likoswe n'kumagogoda khoma ndi mpini wa khasu.
Lero m'mimba mwake ndi mudzi wa mphemvu.

Mdzukulu wanga Tiyamike ndiye anakayatsa,
chala chimodzi basi, ngati akuchotsa nyerere patebulo.
Ndinadikira chiphokoso. Sichinabwere.
Kabokosi sikanakuwe,
kanangoyamba kulankhula ngati mlendo waulemu wakhala pampando.
Ndinamva chala cha woimba gitala chikutsetsereka pansambo.
Ndinamva mpweya umene munthu amakoka
asanatchule liwu loyamba.
Zaka zonsezi ine ndinkayeza nyimbo
ndi mtunda umene yafika.

Komabe sindinagonje msanga.
Ndinakauza kuti ndi kamwana kodzimva,
kobadwira m'sitolo ya magalasi,
kosadziwa fumbi la Okutobala.

Lachisanu magetsi anazima mwa nthawi zonse.
Chiperoni chinatsika phiri n'kumeza mitengo ya paini,
n'kudzaima pazenera.
Mawailesi onse amumzere mwathu anati zii,
agalu okha ndiwo anatsala pantchito.
Koma iko, ndi kadiso kake kobiriwira,
kanapitiriza ngati sikanamve uthengawo.

Tiyamike anati, Agogo, adadi anaikamo ina kumapeto.

Inali kaseti ija ya kwaya ya amayi,
yojambulidwa m'tchalitchi mvula ikuwomba denga,
imene ndinkayesa inatayika posamuka.
Mawu makumi awiri, onse pamodzi,
ndipo pa ndime yachiwiri
liwu limodzi likulowa mochedwa pang'ono,
monga linkachedwera pokwera basi,
pochoka pamaliro, potsazika alendo pachipata.
Kenako kachifuwa kamodzi, kouma, kobisidwa m'dzanja.

Kaseti imeneyi ndinaiimba kambirimbiri pa gumbagumba.
Chifuwa chimenecho sindinachimvepo.
Chinali momwemo zaka makumi atatu,
pansi pa phokoso limene ndinkanyadira.

Ndinati, bwezera pamenepo.
Anabwezera.
Ndinati, bwezeranso.
Mwanayo anadzuka mwakachetechete, ati akukafuna machesi,
machesi ali m'thumba mwake.

Khitchini ikudonthabe. Ndinaikapo beseni.
Fanuwelo akaimba foni ndimamuuza kuti anawononga ndalama,
iye n'kuseka, ine n'kusintha nkhani.
Kabokosi ndinakachotsa pabalaza,
kali pampando wa kuchipinda, mbali ya kukhoma,
kumene munthu sagonako.
Ndimakapukuta ndi mpango wa m'thumba, osati chiguduli.

Dzulo a Likoswe anandiimitsa pa mpope.
Ati, achimwene, kwanu kwangoti zii masiku ano,
tinayamba kufunsana ngati muli moyo.
Ndinati ndilipo,
kungoti ndinatsitsa mawu.
Sindinawauze kuti usiku uliwonse
ndimadikira ndime yachiwiri,
nditagwira mpweya,
kuti wochedwa uja apeze polowera.